Mmene mungakwerere ku Preikestolen, thanthwe la pamwamba pa Lysefjord ku Norway

Preikestolen ndi thanthwe lomwe linatulukira m'mbali mwa phiri kum'mwera chakumadzulo kwa dziko la Norway, m'chigawo cha Rogaland, ndipo pamwamba pake ndi pafulati ngati bwalo la mamita pafupifupi 25 m'litali ndi 25 m'lifupi. Munthu akaima m'mphepete mwake n'kusuzumira pansi amaona madzi a Lysefjord ali mamita 604 kuchokera pomwe waponda, popanda mpanda kapena chingwe chomutchinga. Dzina lakuti Preikestolen limatanthauza gome la mlaliki, koma anthu akale a m'deralo ankalitchula kuti Hyvlatonnå, kufanizira ndi dzino la chida chimene kalipentala amapalira matabwa. Fjord imene ili pansiyo ndi chigwa chakuya chomwe madzi oundana anakumba kalekale, ndipo atasungunuka nyanja yamchere inalowamo. Lysefjord ndi yaitali makilomita 42, ndipo pena kuya kwake kumapitirira mamita 400.

Njira yokwerera ndi yaifupi, makilomita pafupifupi 4 kupita ndi 4 kubwerera, ndipo ndi yokonzedwa bwino kwambiri. Kufupika ndi kukongola kwa njirayi ndi kumene kumanyenga anthu ambiri, chifukwa amanyamuka ngati akupita kumsika pamene akulowa m'phiri lomwe nyengo yake imatha kusintha kangapo dzuwa lisanalowe. Malangizo ali m'munsiwa akutsatira ulendowu mmene umayendera, kuyambira pokonzekera mpaka potsika.

Kusankha mwezi ndi tsiku

Choyamba sankhani mwezi. Nthawi yomwe munthu wamba angakwere popanda zida zapadera ndi kuyambira Meyi mpaka Okutobala, ndipo kumbukirani kuti miyezi yomwe kwathu kumazizira, Juni ndi Julayi, ndi imene ku Norway kumakhala kofunda komanso masana amatalika kwambiri. Chakumapeto kwa Juni dzuwa limakhala kunja maola pafupifupi 18, pamene mu Disembala limangowala maola 6 okha. Kuyambira Novembala mpaka Epulo njirayo imatha kukutidwa ndi chipale chofewa ndi madzi oundana oterera ngati galasi, choncho m'miyezi imeneyi pamafunika timisomali tachitsulo tomangirira kunsi kwa nsapato, tochi yovala kumutu komanso munthu wodziwa phirilo woti akutsogolereni. Ngati simunapondepo chipale chofewa chibadwire, musayambire kuphunzira pa Preikestolen.

Mwezi ukasankhidwa, musamangirire ulendowu ku tsiku limodzi lokha. Kugombe la kumadzulo kwa Norway kumagwa mvula yambiri chaka chonse, ndipo vuto lalikulu kwa wokwera ndi chifunga, chomwe chimatha kudzaza chigwa chonsecho moti munthu wafika pathanthwe koma sakuona chilichonse kupitirira pomwe pathera dzanja lake. Ndi bwino kukhala m'deralo masiku awiri kapena atatu kuti musankhe tsiku lowala. Zanyengo muzione pa Yr, tsamba la pa intaneti lomwe limayendetsedwa ndi nthambi yoona zanyengo ya dzikolo pamodzi ndi wailesi ya NRK, ndipo polifufuza lembani dzina la Preikestolen lenilenilo m'malo mwa Stavanger, popeza nyengo ya mumzinda wa m'mphepete mwa nyanja ndi ya pamwamba pa phiri sizifanana. Yang'anani zinthu zitatu: mvula, mphamvu ya mphepo ndi mitambo yotsika. Mwa zitatuzi, mphepo ndi imene anthu amaiwala, chonsecho ndi imene ili yoopsa munthu akakhala pamalo opanda chogwira.

Nkhani ya ola lonyamukira ndi yofunikanso kuiganizira. M'zaka zaposachedwa anthu oposa 300,000 amakwera thanthweli chaka chilichonse, ambiri mwa iwo mu Julayi ndi Ogasiti, ndipo kuyambira cha m'ma 10 koloko m'mawa mpaka masana njirayo imadzaza moti pamalo opanikizika anthu amadikirirana. Amene wanyamuka 6 kapena 7 koloko m'mawa amafika pamwamba pali bata, ndipo amakumana ndi chinamtindi cha anthu pamene iye akutsika. Kunyamuka madzulo kumathandizanso m'miyezi ya masana aatali, koma mu Sepitembala ndi Okutobala mdima umafulumira, ndiye werengani maola anu mosamala.

Kufika poyambira njira

Mzinda woyandikira ndi Stavanger, womwe uli ndi bwalo la ndege ku Sola. Norway ili m'gulu la Schengen, la mayiko a ku Ulaya omwe amagwiritsa ntchito viza imodzi, ngakhale kuti si membala wa European Union, choncho amene ali ndi pasipoti ya Malawi, Zambia, Mozambique kapena Zimbabwe ayenera kukhala ndi viza ya Schengen asananyamuke, ndipo chilolezo chokhala ku Britain sichilowa m'malo mwa viza imeneyi. Ndalama ya kumeneko ndi krone, koma pafupifupi chilichonse chimalipiridwa pa khadi ya kubanki.

Kale anthu ankawoloka pa sitima yapamadzi kuchokera ku Stavanger kupita ku Tau, ndipo malangizo akale ambiri amanenabe zimenezi. Kuyambira kumapeto kwa 2019 galimoto zimadutsa mumsewu wokumbidwa pansi pa nyanja wotchedwa Ryfylketunnelen, wautali makilomita oposa 14, n'kutulukira ku Solbakk, kenako kudutsa tauni ya Jørpeland mpaka kufika pamalo oimika galimoto pafupi ndi nyanja yaing'ono ya Revsvatnet. Ulendowu sukwana ola limodzi. Msewu wapansiwo ndi wolipira, malo oimika galimoto ndi olipiranso, koma kukwera phirilo ndi kwaulere. M'miyezi yofunda pamakhala mabasi ochokera ku Stavanger opita mpaka poyambira njira, ndipo matikiti ake ndi bwino kugulira pa intaneti kudakali nthawi. Mukagula, lembani penapake nthawi ya basi yomaliza yobwerera, chifukwa nthawi imeneyo ndi imene idzakuuzeni ola loti muyambe kutsika.

Zovala ndi katundu

Apa ndi pomwe ulendo umakomera kapena kuipira, choncho tikhalitsapo pang'ono. Nsapato zikhale zolimba, za mapazi okhakhala ogwira bwino pamwala wonyowa, ndipo ngati zili zofika m'kakolo ndiye bwino kwambiri. Musavale nsapato zatsopano zomwe simunaziyendere, chifukwa matuza amayamba musanafike ndi theka lomwe. Masilipasi, nsapato zakutchalitchi ndi zina zosalala kunsi zisiyeni kunyumba, ngakhale mudzaona anthu ena atavala zimenezo.

Zovala zikhale zosanjikiza m'malo mwa chijasi chimodzi cholemera. Pokwera thupi limatentha n'kutuluka thukuta, koma mukangofika pamwamba n'kukhala pansi, mphepo imakuzizirani mofulumira modabwitsa. Chovala chamkati chikhale cha ubweya wa nkhosa kapena cha nsalu youma msanga, popeza thonje likanyowa ndi thukuta limamatirira pathupi n'kumaziziritsa munthu. Pamwamba pake valani juzi yopepuka, ndipo m'chikwama mukhale jekete yosalowa madzi ndi mphepo, chipewa chofunda, magolovesi ndi malaya ouma osinthira. Zimenezi zinyamuleni ngakhale tsikulo kutacha kowala bwanji. Kwa munthu wozolowera kutentha kwa ku Nsanje kapena ku Salima, tsiku lomwe anthu a ku Norway amati ndi lofunda limatha kumveka ngati m'mawa wa Juni ku Dedza. Ambulera ilibe ntchito paphiri la mphepo, ndipo imakulandani dzanja lomwe mukanagwirira mwala.

Kamba wa paulendo mutenge wokwanira, chifukwa mukangochoka poyambira mulibe sitolo kapena wogulitsa chilichonse m'njira yonse. Anthu a ku Norway amanyamula chimene amachitcha matpakke, magawo a buledi opaka batala ndi tchizi okulungidwa papepala, pamodzi ndi khofi wa m'fulasiki ndi chokoleti. Mtedza wokazinga, nthochi ndi mazira owiritsa zimagwira ntchito yomweyo. Madzi akhale lita imodzi ndi theka kapena kuposerapo pa munthu aliyense, ndipo a pampopi a m'dzikolo ndi abwino kumwa, choncho palibe chifukwa chogulira a m'botolo omwe ndi okwera mtengo. Onjezerani mapulasitala, bandeji yomangira bondo kapena kakolo, tochi, thumba lotayiramo zinyalala ndi foni yodzaza batire. Kuzizira ndi kujambula zithunzi zambiri kumamaliza batire msanga, ndipo foniyo ndi imene mudzaitanire thandizo zinthu zikavuta. Zonsezi zilowe m'chikwama chobereka kumsana kuti manja onse awiri akhale omasuka.

Musanayambe kukwera, lowani kuchimbudzi pamalo oimika galimoto, chifukwa kutsogoloko kulibe. Uzaninso munthu wina, kaya mnzanu kapena a pamalo ogona, za komwe mukupita ndi nthawi yomwe mukuyembekeza kubwerera.

Njira yokha

Poyambira pali pamtunda wa mamita pafupifupi 270 kuchokera pomwe pali nyanja yamchere, ndipo popeza thanthwe lili pa mamita 604, wina angawerenge kuti kukwera kwake ndi mamita 330 basi. Zoona zake n'zakuti njirayo imakwera n'kutsika kangapo, moti zitunda zonse mukaziphatikiza zimafika mamita pafupifupi 500. Munthu wathanzi amatenga maola awiri kupita ndi awiri kubwerera, ndipo ndi nzeru kuwerengera maola asanu kapena asanu ndi limodzi kuti pakhale mpata wopuma ndi wokhala pamwamba. Tsatirani chilembo cha T chofiira cholembedwa pamiyala, chomwe ndi chizindikiro cha bungwe la oyenda m'mapiri la DNT lomwe linakhazikitsidwa mu 1868. M'njiramo mulinso zikwangwani zosonyeza mtunda womwe mwayenda ndi womwe watsala. Muzizisunga m'mutu, chifukwa mutavulala zingathandize opulumutsa kudziwa pomwe muli.

Chitunda choyamba chimayamba pomwepo, chisanapereke mpata woti miyendo izolowere, ndipo chimadutsa m'nkhalango ya mitengo ya paini. Anthu ambiri amataya mphamvu pamenepa chifukwa chofuna kupitirira anzawo. Kuthamanga sikufika, ndiye yendani pa liwiro lomwe mungathe kulankhula ndi mnzanu popanda kubanika, ndipo mukamva kutentha vulani juzi thukuta lisananyowetse zovala. Pamwamba pa chitundachi pali malo afulati pomwe mungatembenuke n'kuona Revsvatnet ili m'munsi.

Kenako njirayo imakwera pang'onopang'ono pamiyala mpaka kufika padambo lotchedwa Krogebekkmyrane, pomwe anayalapo matabwa oyendapo. Musatsike pamatabwapo pofuna kulambalala anthu, chifukwa dambolo limamiza phazi ndipo zomera zake zikapondedwa zimatenga zaka kuti zimerenso. Matabwa onyowa amaterera, choncho fupikitsani mayendedwe.

Mukawoloka dambo mwafika pa gawo lovuta kuposa onse, mpata wa Neverdalsskaret, pomwe njirayo imaimirira n'kukwera pakati pa miyala ikuluikulu. Masitepe amiyala omwe mukupondawo anayalidwa ndi amisiri a mtundu wa Sherpa ochokera ku Nepal, omwe anayamba kukonza njirayi mu 2013, ndipo ntchito yawo inasandutsa malo omwe kale anthu ankakwawa kukhala oyendeka. Ngakhale zili choncho, masitepewo ndi osafanana, ena ndi aatali kufika m'mawondo, ndipo kwa mwana kapena munthu wamfupi amatopetsa. Pondani ndi phazi lonse pakati pa mwala, gwiritsani ntchito manja pomwe pakufunika, ndipo mukafuna kupuma patukirani pambali kuti ena adutse. Ngati pofika pamwamba pa mpatawu mwatheratu, kapena nthawi yomwe mwatenga yapitirira kwambiri yomwe munayembekeza, apa ndi pamalo abwino oganizira zobwerera. Malamulo a m'mapiri a ku Norway, omwe amatchedwa Fjellvettreglene, amanena poyera kuti munthu azibwerera nthawi ikadalipo ndipo kutero si chamanyazi. Anthu a m'dzikolo amaphunzira zimenezi ali ana, ndipo palibe amene angakusekeni.

Pamwamba pa mpatawo mitengo imachepa ndipo mumafika pa timaiwe totchedwa Tjødnane, pomwe ena amasambira kukatentha. Ndi malo abwino odyerapo kanthu ndi kuvala jekete, chifukwa kuchokera apa mukuyenda pathanthwe lopanda chotchinga mphepo. Pamwala wopanda dothi mapazi a anthu sasiya njira yooneka, choncho chifunga chikatsika musachoke pa chilembo chofiira chimodzi musanaone chotsatira. Ngati simukuchiona, imani ndi kudikira m'malo moyerekeza, popeza m'dera limeneli phompho silili patali.

Chakumapeto njirayo imagawikana. Ina imadzera m'mphepete mwa phompho pomwe Lysefjord imaonekera mwadzidzidzi, ndipo ina imadzera pamtunda. Ya m'mphepeteyo ndi imene anthu ambiri amatsata, ndipo ndi yotakata mokwanira, koma pali malo ochepa pomwe imapanikizika moti wamantha amamva miyendo kulefuka. Yendani chakukhoma la phiri, yang'anani pomwe mukuponda, ndipo ngati mukufuna kuona fjord kapena kujambula, yambani mwaima. Ana agwireni dzanja kuyambira pamenepa mpaka mutabwerera.

Pathanthwe

Mukafika mudzaona mng'alu waukulu womwe unadutsa pathanthwe chakumbuyo kwake, ndipo ambiri amadzifunsa ngati silingagumuke iwo ali pomwepo. Thanthweli linapangika zaka pafupifupi 10,000 zapitazo, pamene madzi ankalowa m'ming'alu ya phiri, kuundana n'kuswa miyala ikuluikulu yomwe inakokoloka ndi madzi oundana. Akatswiri a miyala amaupima mng'aluwo ndipo amati thanthwelo ndi lokhazikika. Choopsa chenicheni ndi m'mphepete. Akuluakulu a m'deralo sanaikepo mpanda mwadala, pofuna kuti malowo akhale mmene analili, ndipo maganizo a ku Norway ndi akuti munthu akalowa m'phiri amadziyang'anira yekha. Anthu ena anagwapo n'kufa pamalo amenewa.

Choncho chitani motere. Tulani chikwama chanu kutali ndi m'mphepete, pamalo pomwe mphepo singachigubuduze. Ngati mukufuna kusuzumira pansi, gonani chafufumimba patali pang'ono n'kudzikhwekhwereza mpaka mutu wokha utafika kumapeto, ndipo pobwerera chitani chimodzimodzi musanaimirire. Musayende chambuyo pamene wina akukujambulani, musadumphe, ndipo musayerekeze kuseweretsa mnzanu pomukankha ngakhale pang'ono. Chipewa kapena foni ikagwa, ilekeni ipite. Musaponye mwala kapena chinthu chilichonse pansi, chifukwa pamadzipo pamadutsa maboti onyamula alendo. Zithunzi za anthu atakhala m'mphepete miyendo ili lendelende ndi zimene zinatchukitsa malowa, koma m'maganizo mwanga chithunzi chotere sichikwana kuikirapo moyo, makamaka mwala ukakhala wonyowa kapena mphepo ikamawomba mwa apo ndi apo.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti thanthwelo limaoneka bwino munthu akakhala pamwamba pake chakumbuyo. Pali kanjira kokwera phiri lomwe lili kumbuyo kwa bwalolo, ndipo mukakwera mphindi zochepa mumaona thanthwe lonse litatulukira pamwamba pa madzi, anthu ali ngati nyerere, ndi fjord ikulowera kum'mawa cha ku mudzi wa Lysebotn, komwe imathera. Chakumeneko ndi komwe kuli phiri la Kjerag, lotchuka ndi mwala wopanikizika pakati pa makoma awiri, koma ulendo wake ndi wautali ndi wovuta kuposa uwu. Pamalo okwerawa ndi pabwino kudyerapo chakudya chanu popeza anthu amakhala ochepa.

Kutsika ndi zoyenera kuchita zinthu zikavuta

Ngozi zambiri za m'njirayi ndi za kuterereka, kubinya kakolo ndi kupweteka bondo, ndipo zimakonda kuchitika potsika, miyendo itatopa komanso maganizo ali kale kunyumba. Musawerengere kuti kutsika kudzatenga nthawi yochepa kuposa kukwera. Musanayambe, mangitsani zingwe za nsapato kuti zala zisamagunde kutsogolo, ndipo pa masitepe a Neverdalsskaret tsikani chammbali, mawondo ali opinda pang'ono. Amene ali ndi vuto la mawondo angathandizidwe ndi ndodo zoyendera. Ngati basi yomaliza yayandikira, ndi bwino kuiphonya n'kulipira takisi kusiyana ndi kuthamanga pamiyala.

Wina akavulala moti sangathe kuyenda, choyamba muvekeni zovala zonse zofunda zomwe zilipo ndipo muikeni pachikwama kapena pajekete kuti asakhale pamwala wozizira, chifukwa munthu wongokhala amazizidwa msanga ngakhale mu Julayi. Kenako imbani 113, nambala ya ambulansi, kapena 112, ya apolisi omwe amatsogolera ntchito yopulumutsa anthu. Amene amayankha amamva Chingerezi. Auzeni chikwangwani chomaliza chomwe mwadutsa, chomwe chachitika, ndi chiwerengero cha anthu omwe muli nawo, ndipo mukatero khalani pomwepo. Ambiri mwa opulumutsa m'mapiri a ku Norway ndi anthu ongodzipereka, monga a bungwe la Norsk Folkehjelp, omwe amasiya ntchito ndi mabanja awo kuti akanyamule munthu pamachira, choncho kutopa chabe kapena kuiwala tochi si chifukwa choyenera kuwavutitsira ngati mukanatha kuzipewa.

Lamulo la dzikolo la 1957 limapatsa aliyense, kuphatikizapo mlendo, ufulu woyenda m'malo osalimidwa ngakhale akhale a mwini, ndipo ufuluwu umatchedwa allemannsretten. Umabwera ndi udindo wosiya malo mmene mwawapezera. M'njiramo mulibe motayira zinyalala, choncho makoko a nthochi, mapepala ndi mabotolo zibwerere nanu m'chikwama. Kuyambira pa 15 Epulo mpaka pa 15 Sepitembala n'koletsedwa kusonkha moto m'nkhalango kapena pafupi nayo. Amene akufuna kugona m'tenti kuti akaone kutuluka kwa dzuwa ayambe wafunsa pamalo oyambira njira za komwe n'kololedwa, ndipo tentiyo ikhale mamita osachepera 150 kuchokera pa nyumba iliyonse yokhalamo anthu.

Mukafika pansi, tumizani uthenga kwa munthu uja munamuuza za ulendo wanu kuti asayambe kukufunafunani. Madzulo posamba, fufuzani m'miyendo, m'khwapa ndi m'chiuno ngati mwalumidwa ndi nkhupakupa, chifukwa m'nkhalango za m'mphepete mwa nyanja kum'mwera kwa Norway zimapezeka m'miyezi yofunda ndipo zina zimafalitsa matenda. Mukaipeza, izuleni yonse pamodzi ndi mutu wake, tsukani pamalopo, ndipo ngati patadutsa masiku angapo pakutuluka chizindikiro chofiira chomwe chikukula, kaonaneni ndi dokotala.